Malo oimikapo galimoto za anthu aulumali pa masitolo aakulu a ku Tete: akuwateteza ndani?

Mayi a Tadala, Matundo

Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundiwawa mumtima kuyambira Loweruka. Bambo anga amakhala ku Ulongue, ndipo anaduka mwendo wakumanzere nthawi ya nkhondo ataponda bomba lokwirira pansi pa njira yopita kudimba. Kwa zaka zambiri ankayenda ndi ndodo, koma tsopano akula ndipo mapewa sakuwalolanso, choncho amayendera njinga ya olumala. Sabata yatha anabwera kuno ku Tete kudzaonana ndi dokotala, ulendo wa makilomita oposa 200, ndipo asanabwerere anapempha kuti ndiwaperekeze ku sitolo ina yaikulu kuti akasankhire adzukulu awo nsapato ndi manja awo, pakuti safuna kumangoguliridwa zinthu nthawi zonse ngati mwana.

Titafika tinapeza malo awiri aja a pafupi ndi khomo, ojambulidwa munthu ali pa njinga, onse ali otsekeka. Pamalo amodzi panali pikapu yoyera, magetsi ake akuphethira, mwini wake osaoneka, ndipo pamalo enawo antchito a sitolo anali ataunjikapo ngolo zonyamulira katundu. Tinakaimika kumapeto kwenikweni kwa bwalo. Inali nthawi ya nkhomaliro, mwezi uno wa Novembala, ndipo nonse mukulidziwa dzuwa la ku Tete. Zitsulo zimene bambo amagwira poyendetsa njinga zinatentha moti anazisiya, ndipo ndinawakankha ine mpaka pakhomo.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika potuluka. Tinapeza galimoto ina itaima mothithikana ndi yathu, moti chitseko cha mbali ya bambo sichikanatseguka mokwanira. Ndinawasiya padzuwa, ndinabweza galimoto m'mbuyo mpaka pakati pa njira, ndipo pamenepo, ena akutilizira hutala, ine ndi mnyamata wina wodutsa tinawanyamula n'kuwalowetsa. Bambo sanayankhule kanthu mpaka titakwera mlatho wa Samora Machel, ndipo apo m'pamene ananena chapansipansi kuti ulendo wina ndidzawasiye kunyumba. Ndikufuna kudziwa kwa inu: malo amenewa ndi udindo wa ndani kuwateteza, mwini sitolo, mlonda, apolisi, kapena akuluakulu a mzinda?

Bambo Phiri, Moatize

Pepani kwambiri, Mayi a Tadala, ndipo mukawapepesenso bambo. Sindikufuna kubisala, inenso ndinaimikapo pamalo otere kangapo konse. Mumtima mwanga ndinkati ndikungolowa mphindi zisanu kukatenga ndalama pa makina, ndipo ndinkaona kuti malowo amangokhala opanda galimoto pafupifupi tsiku lonse pamene enafe tikuzungulirazungulira kusowa poima. Ndikufunsa moona mtima kuti mundiphunzitse: ngati palibe munthu wolumala amene wafika pa nthawiyo, ndalakwira ndani?

Aphunzitsi, Chingodzi

A Phiri, zikomo chifukwa chonena zoona, ndipo ndikuyankhani monga munthu amene malowa anapangidwira. Ndinadwala poliyo ndili ndi zaka zinayi, miyendo yonse iwiri sigwira ntchito, ndipo galimoto yanga ndimaiyendetsa ndi manja okha, mabuleki ndi moto womwe.

Anthu ambiri amaganiza kuti malowa ndi ulemu chabe, ngati mpando wakutsogolo umene timasiyira alendo pa ukwati. Kufupikira kwa khomo n'kofunika ndithu, koma chachikulu ndi kukula kwa malowo. Malo wamba oimikapo galimoto amakhala pafupifupi mamita 2.5 m'lifupi, pamene malo okonzedwa bwino a munthu wa njinga amafika cha m'ma mamita 3.5, chifukwa pambali pamasiyidwa mpata woposa mita imodzi. Ine ndikaima, ndimatsegula chitseko mpaka kumapeto, ndimakoka njinga yopinda kuchokera ku mpando wakumbuyo kudutsa pachifuwa panga, ndimaiika pansi, ndimaitambasula, ndimamanga mabuleki ake, kenako ndimadzinyamula ndi manja kuchoka pa mpando kupita pa njinga. Chitseko chikangotseguka theka, zonsezi sizitheka, ndipo ndimakhala ngati ndatsekeredwa m'galimoto yanga yomwe. Choopsa china n'chakuti munthu wokhala pa njinga ndi wamfupi, mutu wake sufika pa galasi lakumbuyo la pikapu, choncho kudutsa bwalo lonse kumbuyo kwa magalimoto amene akubwerera m'mbuyo ndi kuika moyo pachiswe.

Za mphindi zisanu zija, ine ndikafika sindidziwa kuti mwini galimoto watsala ndi mphindi zingati. Ndimadikira injini ikulira, ndipo inu mukangochoka pamabwera wina wa mphindi zisanu zake, chifukwa waona kuti mnzake anaimapo popanda womufunsa. Kawiri konse chaka chino ndabwerera kunyumba osagula kanthu. Malo amenewa akakhala opanda galimoto ndiye kuti akugwira ntchito yake, akudikira munthu amene alibe kwina koima.

Mlonda wa pa sitolo, Tete

Dzina langa ndalibisa chifukwa ntchitoyi ndikuigwirabe. Ndakhala mlonda wa pabwalo la magalimoto kwa zaka zinayi, ndipo ndikupempha kuti musanatiweruze mumve mbali yathu. Ife sitilembedwa ntchito ndi sitolo, timatumizidwa ndi kampani ya zachitetezo, ndipo tilibe mphamvu yolipiritsa munthu chindapusa kapena yogwira galimoto yake. Chimene tili nacho ndi pakamwa pokha. Tsiku lina ndinapempha bwana wina mwaulemu kuti asunthe galimoto, ndipo anatsitsa galasi pang'ono n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti iye ndani. Analowa kukadandaula kuti ndamuchitira chipongwe, ndipo sabata yotsatira ndinasamutsidwira ku ntchito ya usiku. Anzanga onse anaona zimenezo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amayang'ana kumbali.

Ndivomerenso kuti alipo ena mwa ife amene amalandira mametikali 20 kapena 50 kuti asungire munthu malo amenewa chifukwa ali pamthunzi. Sindikuikira kumbuyo khalidwe limenelo. Za ngolo zija, Mayi, amene amaziunjika pamenepo ndi anyamata a m'sitolo, chifukwa ndi pafupi ndi khomo ndipo palibe amene anawauza kuti n'kulakwa.

Vuto langa lina ndi ili: munthu akaima n'kunena kuti ndi wolumala, ine ndimudziwa bwanji? Sindinalandirepo pepala lililonse londiuza chimene ndiyenera kuyang'ana pa galasi la galimoto.

Anabanda, Furancungo

Funso lomaliza la achimwene alondawa ndi limene landichititsa kulemba. Ndaona pa Facebook anthu akujambula magalimoto oima pamalo amenewa, nambala yake kuonekera, n'kumatukwana mwini wake. Ndikumvetsa mkwiyo wawo, koma ndikuchonderera kuti gulu lathu lisatenge njira imeneyo. Mng'ono wanga ali ndi matenda a mtima. Mukamuona akutsika m'galimoto mungati ndi mtsikana wathanzi, koma akayenda mamita 50 padzuwa amayamba kubanika ndipo milomo imasintha mtundu. Tsiku lina ku Tete mayi wina anamukalipira pamaso pa anthu kuti ndi wakuba malo a olumala, ndipo anabwera kunyumba akulira. Ndikudziwanso bambo wina wovala mwendo woikirira amene anakakamizika kupinda buluku pagulu kuti anthu akhulupirire.

Chizindikiro chimene timachiona pansi chija chinajambulidwa mu 1968 ndi Susanne Koefoed, wophunzira wa ku Denmark, ndipo chinafalikira dziko lonse. Chathandiza kwambiri, koma popeza chimaonetsa njinga, anthu ambiri amaganiza kuti amene sali pa njinga alibe gawo pamenepo. Ulumali wina suoneka ndi maso, ndipo sibwino kuti munthu azivula ulemu wake pabwalo la sitolo pofuna kutsimikizira alendo kuti akudwaladi.

Bambo Jere, Tete

Ndinaphunzirako zamalamulo, choncho ndiyesa kuyankha funso la Mayi a Tadala. Dziko lathu silosowa malamulo pa nkhaniyi. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a mu 2004, pa ndime 37, amanena kuti nzika zaulumali zili ndi ufulu wonse umene ena ali nawo, ndipo ndime 125 imati ziyenera kutetezedwa mwapadera ndi banja, anthu onse ndi boma. Pa 30 Disembala 2008 boma linatulutsa Decreto 53/2008, imene imalamula mmene nyumba ndi malo ofikako anthu onse ayenera kumangidwira kuti munthu wolumala kapena wovutika kuyenda athe kufikako, kuyendamo ndi kugwiritsa ntchito. Mu Januwale 2012 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 9 ya panganolo imanena momveka kuti boma liyenera kuonetsetsa kuti ngakhale makampani amene si aboma, ngati akutumikira anthu onse, aziganizira za kufikika kwa malo awo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo lapadera lolimbikitsa ndi kuteteza ufulu wa munthu wolumala, patapita zaka zambiri mabungwe monga FAMOD, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali ku Mozambique, akulimenyera nkhondo.

Pamene pamavuta ndi apa. Bwalo la sitolo ndi malo a mwini wake, ngakhale kuti aliyense amalowamo. Apolisi apamsewu timawapeza pamsewu, ndipo kawirikawiri salowa pabwalo la munthu popanda kuitanidwa. Mwini sitolo safuna kukhumudwitsa kasitomala wogula zodzaza ngolo. Motero udindo umatsetsereka kuchoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono mpaka kukagwera mlonda, amene ndi wofooka kuposa onse pamzerewo.

Maganizo anga ndi akuti chingwe chili m'manja mwa Conselho Municipal, ndiyo khonsolo ya mzinda, chifukwa ndi kumene kumavomerezedwa mapulani a nyumba. Amene ali ndi mphamvu yololeza kumanga ali ndi mphamvunso yofunsa ngati malo a olumala alipo, ngati ndi aakulu mokwanira, ndiponso ngati akusungidwa.

Bambo a Mphatso, Tsangano

Ndikhululukireni ngati mawu anga akhale olimba. Ndawerenga zonse, ndipo ndikumva chisoni ndi agogo a ku Ulongue, koma ndikuona ngati tikukangana za denga pamene nyumba ilibe maziko. Kalembera wa 2017 anapeza anthu aulumali oposa 700,000 m'dziko muno, pafupifupi 2.6 pa anthu 100 alionse, ndipo chiwerengerocho chiyenera kuti n'chochepa, poti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati padziko lonse ndi anthu pafupifupi 16 pa 100 alionse. Mwa anthu amenewa, ndi angati ali ndi galimoto? Kwathu kuno munthu wolumala akafuna kupita kuchipatala amamangiriridwa kumbuyo kwa njinga yamoto. Mlamu wanga akakwera chapa, ndiyo minibasi yonyamula anthu, kondakitala amamulipiritsa kawiri, iyeyo ndi njinga yake, ngati kuti njingayo ndi thumba la mbatata, ndipo madalaivala ena akamuona pasiteji amangodutsa. Sukulu imene ana anga amaphunzira ili ndi masitepe atatu pakhomo lililonse. Kodi sitikuwononga mphamvu pa vuto la anthu ochepa a m'tauni?

Aphunzitsi, Chingodzi

Bambo a Mphatso, zimene mwanena za chapa ndi zoona, ndipo inenso ndinazikumana nazo kwa zaka zambiri ndisanagule galimoto. Sindingatsutse kuti vuto la kumudzi ndi lalikulu kuposa la pabwalo la sitolo. Koma taonani bwino nkhani imene yatisonkhanitsa. Agogo a ku Ulongue alibe galimoto, ndi mlimi wa kumudzi ngati alamu anuwo, ndipo galimoto inali ya mwana wawo. Munthu wofika pa txopela, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, amafunanso malo omwewo kuti atsitsidwe pafupi ndi khomo, pamene pali potsetsereka pokwerera njinga. Malowa ndi a munthu wolumala, kaya wafika pa galimoto ya ndani.

N'chifukwa chake ine ndimafuna khadi, ndipo khadilo lizikhala la munthu, osati la galimoto. Ku Britain ali ndi khadi lotchedwa Blue Badge, limene munthu wolumala amayenda nalo m'galimoto iliyonse imene wakwera, kaya akuyendetsa yekha kaya wanyamulidwa, ndipo wogwiritsa ntchito khadilo mwachinyengo angathe kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000. Khadi lotere likanayankha alonda athu, amene akanangoyang'ana pa galasi, ndipo likanateteza mng'ono wa Anabanda, amene sakanafunikanso kufotokozera aliyense za mtima wake.

Ndiwonjezere chinthu chimodzi. Kukonza masukulu onse a ku Tsangano kukufuna simenti ndi ndalama zambiri, ndipo tiyenera kupitiriza kuzifuna. Kusunga malo awiri pa sitolo kukungofuna chitini cha penti, chikwangwani ndi mkulu wa sitolo woima kumbuyo kwa mlonda wake. Tikalephera chotchipachi, ndi mtima uti umene tidzakwanitsire chodulacho?

Bambo a Mphatso, Tsangano

Ndamva, Aphunzitsi, ndipo za khadi la munthu ndagwirizana nazo. Pempho langa ndi lakuti khadilo lisadzakhale lotengera ku Tete kokha, chifukwa wa ku Tsangano, ku Chifunde kapena ku Domwe sadzakwanitsa ulendo wokalitenga. Lizidzaperekedwa ku ofesi ya boma iliyonse, kwaulere, ndipo lizidzagwiranso ntchito pa chapa.

Achimwene a ku Zobue

Ndinagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize limodzi ndi anthu a ku Brazil, ndipo nkhani ya bwalo la mwini wake imene a Jere atchula, kwawoko anaithetsa ndi lamulo. Lamulo lawo la mu 2015 loteteza anthu aulumali limati malo awiri pa malo 100 alionse oimikapo galimoto asungidwire olumala, ndipo pakhale osachepera malo amodzi ngakhale bwalolo likhale laling'ono. Linatsegulanso njira yoti oyang'anira zapamsewu azilowa m'mabwalo a masitolo ndi malo ena a anthu wamba ogwiritsidwa ntchito ndi gulu. Woima pamalo a olumala popanda khadi amapalamula mlandu wa m'gulu lalikulu kwambiri pa milandu yapamsewu, amalipira chindapusa, amalembedwa mapointi 7 pa laisensi yake, ndipo galimoto imatha kukokedwa. Mnzanga wina wa kumeneko ankati chimene anthu amaopa kwambiri si ndalama, koma kutuluka m'sitolo ndi katundu n'kupeza galimoto palibe.

Bambo Phiri, Moatize

Aphunzitsi, ndawerenga kawiri mmene mumatsikira m'galimoto, ndipo ndachita manyazi. Sindinkadziwa kuti mizere yojambulidwa pambali ija ndi ya chitseko ndi njinga, ndinkangoti ndi zokongoletsa. Sindidzaimikaponso, ndipo ndauza kale madalaivala awiri amene ndimagwira nawo ntchito.

Pa za chindapusa ndili ndi nkhawa imodzi. Tonse tikudziwa kuti chilango chopanda lisiti chimasanduka refresco, ndiko kuti chiphuphu, ndipo wandalama adzangogula malowo monga akuchitira kale ndi mametikali 50 aja. Ngati padzakhale chindapusa, mtengo wake ulembedwe pachikwangwani pomwepo, ndipo ndalama zizilipiridwa ku banki kapena pa foni, osati m'manja mwa munthu. Ndikuonanso kuti nkhani imeneyi iyenera kuphunzitsidwa bwino ku sukulu zoyendetsa galimoto, chifukwa ine ndinatenga laisensi popanda wondifotokozera zimene ndamva lero.

Mayi a Tadala, Matundo

Zikomo nonse. Dzulo madzulo ndinabwereranso ku sitolo ija ndi mwamuna wanga, titatenga tepi yoyezera. Zimene tinapeza zandidabwitsa. Malo awiri aja ndi mamita 2.5 okha m'lifupi, chimodzimodzi ndi ena onse, ndipo palibe mpata wa pambali, anangojambula chizindikiro pa malo wamba. Kutanthauza kuti ngakhale pikapu ija ikanapanda kuimapo, chitseko cha bambo chikanavutabe pakanakhala galimoto pambali. Palibenso chikwangwani choimirira, choncho galimoto ikaimapo chizindikiro chimabisika pansi pake. Potsetsereka pokwerera njinga pali kumbali ina ya khomo, ndipo pamwamba pake anaikapo firiji ya zakumwa.

Ndinapempha kuonana ndi mkulu wa sitolo, ndipo anandilandira bwino. Ngolo zija analamula kuti zichotsedwe ine ndili pomwepo. Za kujambulanso mizere anati si iye angagamule, chifukwa nyumbayo ndi yalendi ndipo bwalo ndi la mwini nyumba, koma anati tikalemba kalata adzaipititsa. A Jere, kodi mungatithandize kulemba kalata imeneyi, imodzi ya kwa mwini nyumba ndi ina ya ku Conselho Municipal?

Bambo Jere, Tete

Ndivomera ndi mtima wonse, Mayi. Nditumizireni miyezo imene mwatenga ndi zithunzi za malowo, koma zosaonetsa nambala ya galimoto ya munthu aliyense, monga Anabanda apempha. M'kalatamo tidzapempha zinthu zimene angathe kuchita msanga: asandutse malo atatu wamba kukhala awiri aakulu okhala ndi mpata pakati, aimike chikwangwani, ndipo achotse firiji ija. Ndikupemphanso Aphunzitsi kuti tikayeze limodzi ndi njinga yawo, chifukwa tepi siingaone zonse zimene iwo angaone. Ndibwino tidziwitsenso a mabungwe a anthu aulumali a m'chigawo chino, kuti kalatayo ipite ndi mawu awo, isaoneke ngati dandaulo la banja limodzi. Tikachita changu tingathe kuipereka pa 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu aulumali padziko lonse.

Mlonda wa pa sitolo, Tete

A Jere, ndikupempha kuti muikemo mzere umodzi wonena za ife. Mulembe kuti mlonda amene wapempha munthu kuchoka pamalo a olumala asalangidwe kapena kusamutsidwa, ndiponso kuti wina akakana kusuntha, mkulu wa sitolo azituluka yekha kudzayankhula naye. Zimenezo zikalembedwa ndi kusainidwa, ine ndi anzanga tidzaima pamalopo tsiku lonse.

Mayi a Tadala, Matundo

Mzere umenewo ulowe ndithu, achimwene. Ndaimbira bambo ku Ulongue usiku uno ndipo ndawawerengera zonse zimene mwalemba. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati kalatayo ingadikire kuti nawonso adzasaine. Ndawauza kuti ndidzapita kukawatenga pa 1 Disembala. Aphunzitsi, bambo akufunsanso ngati mungadzawaonetse njinga yanu yopinda ija, chifukwa yawo ndi yolemera ndipo simalowa bwino kumbuyo kwa galimoto.